Kucotsa Kuyambire M'manja

Abale anga a ku Machinga ndi ku Balaka, makamaka inu amene mwaphunzira kuwerenga mutakula kale, ndabwera ndi mlandu. Mlanduwu ukhudza ana athu ang'onoang'ono, ndi samu ija ya kucotsera imene amakomana nayo m'Sitandade 1 ndi 2. Ndidziwa kuti ena adzaseka, nadzati, "Kodi munthu wamkulu ndi imvi zace angataye nthawi kulemba za 9 kucotsapo 4?" Aseke ndithu. Koma ine ndaona anthu akudandaula pa sikelo ya thonje cifukwa ca samu yomweyi, ndipo tsoka lao linayamba ali ana, pamene wina anawaphunzitsa kuimba manambala m'malo mwa kuwagwira.

Mau anga ndi awa. Ana athu tikuwaphunzitsa kucotsa moyambira kumapeto. Tiyamba ndi zizindikiro za pa bolodi, pamene tinayenera kuyamba ndi zinthu za m'manja. Ndipo nchito yoyambayo si ya mphunzitsi yekha ai. Ndi yanu, inu atate, inu amai, inu agogo, ngakhale dzina lanu mwayamba kulilemba caka cino.

CIMENE NDINAONA PANSI PA MTENGO

Tsiku lina m'mawa ndinadutsa pa sukulu ina ya kumudzi imene sindiichula dzina. Ana a Sitandade 1 anakhala pansi pa mtengo wa mango, oculuka kotero kuti a kumbuyo sanali kuona bwino bolodi. Mphunzitsi analemba 7 − 3 = 4, naloza ndi ndodo, ndipo ana onse anafuula pamodzi. Analozanso, anafuulanso. Mau ao anamveka mpaka ku mseu, ndipo munthu wodutsa akanati, "Koma ana awa akuphunzira!"

Madzulo ace ndinaitana mdzukulu wa mlongo wanga, amene anali m'gulu lomwelo. Ndinalemba pa dothi 7 − 3, ndipo iye anayankha msanga, moimba, kuti 4. Ndinafafaniza, ndi kulemba 7 − 4. Mwanayo anayang'ana pansi, nayang'ana ine, nayamba kusewera ndi nsonga ya diresi lace. Potsiriza ananong'ona kuti, "Imeneyo sitinaimbe."

Pamenepo ndinatenga njere za mtedza zisanu ndi ziwiri, ndi kumuika m'dzanja. Ndinati, "Idyapo zinai." Anadya. Ndinafunsa, "Zatsala zingati?" Iye anaseka nati, "Zitatu, agogo. Kodi simukuona?"

Taonani tsono. Mwanayo anali kudziwa kucotsa. Cimene sanadziwe ndi cakuti zolembedwa pa bolodi zija ndi mtedza uja ndi nkhani imodzi. Kusukulu anapatsidwa nyimbo, kunyumba anali ndi nzeru, koma panalibe munthu wolumikiza ziwirizi.

SAMU YA ZOTSALA

Kuonkhetsa ndi samu ya tsiku la cimwemwe, pamene mbuzi yaswa kapena matumba alowa m'nyumba. Koma kucotsa ndi samu ya masiku onse, pakuti ndiyo iyankha funso limene munthu afunsa kuyambira m'mawa kufikira usiku: kodi zatsala zingati?

Ganizani mlimi wa thonje wa ku Balaka, kaya wa ku Phalula, kaya wa ku Utale, kaya wa ku Ulongwe. Pofika pa msika, thonje lace alipacika pa sikelo. Wogula acotsapo kulemera kwa thumba. Kenaka acotsapo ngongole ya mbeu ndi ya mankhwala opopera, ngati mlimiyo anatenga zimenezo pa ngongole. Ndalama imene mlimi apita nayo kwao ndi yotsala pambuyo pa kucotsa kuwiri kapena kutatu. Tiyerekeze kuti thonje lace lagulidwa K90,000, ndipo ngongole yace inali K37,500. Zace ndi K52,500. Akapatsidwa K42,500, iye wosadziwa kucotsa, adzalandira ndi manja awiri, nadzathokoza. Sindinena kuti ogula onse ndi akuba ai. Ambiri ndi anthu oongoka, koma woongokanso amaphonya akatopa. Ndipo ndalama imene mwini wace sanaone kuti yaperewera siibwera.

Ganizani mai wa geni ya matemba, amene apikula nsomba ku nyanja ya Chilwa kapena ya Chiuta, nakagulitsa pa Ntaja kapena pa Liwonde. Ndalama zonse za m'cikwama cace madzulo si phindu. Ayenera kucotsapo mpamba, ndi ya ulendo, ndi ya msonkho wa pa msika. Wosadziwa kucotsa amadya mpamba akuyesa phindu, ndipo geni imafa iye osadziwa cimene caipha.

Ganizaninso cakudya ca m'nyumba. Banja lakolola matumba 14 a cimanga m'mwezi wa May. Lagulitsapo 3 kuti libweze ngongole, laperekanso 1 pa maliro. Atsala 10. Ngati banjalo litha thumba limodzi pa mwezi, cimanga cidzatha kutatsala miyezi iwiri kuti likololenso. Munthu wodziwa kucotsa aona njala ya March akali m'mwezi wa May, ndipo wogula akabwera pa njinga ndi sikelo yace, amkaniza thumba lina. Wosadziwa aona mulu wa matumba, nayesa kuti ndi oculuka.

Ndiponso kusukulu komweko, kucotsa ndi khomo la masamu ena. Kugawa ndi kucotsa kobwerezabwereza: mukagawa nthoci 12 kwa ana 3, mucotsa zitatuzitatu kufikira zitatha. Mwana amene wapunthwa pa kucotsa adzapunthwanso pa kugawa. Adzabwereza kalasi, adzakula pakati pa ana ang'ono, adzacita manyazi, ndipo tsiku lina adzangoleka. Pamenepo makolo adzati, "Mwana uyu alibe mutu wa sukulu." Mutu anali nao, cimene cinasowa ndi timiyala khumi ndi munthu woleza mtima.

WOYAMBA KUTSUTSANA NAYE: KHOLO LOTI "INE SINDINAPHUNZIRE"

Pali makolo amene amati, "Za masamu adziwa ndi aphunzitsi. Ine sindinapite kusukulu, ndingamphunzitse ciani mwana?" Mau amenewa amveka ngati kudzicepetsa, koma ine ndiwakana, pakuti si oona.

Inu amai, nkhuku zikamalowa madzulo, muima pa khomo la khola, ndipo musanakhale pansi mudziwa kuti ziwiri sizinabwere. Mwadziwa bwanji? Mwacotsa. Inu atate, mukhala pa bawo la maenje 32 ndi njere 64, ndipo musanaike dzanja mudziwa kale pamene njere yotsiriza idzagwera, ndi zimene zidzatsala kwa mnzanu mukamudya. Imeneyo si samu kodi? Ana akazi pocita phada aturutsa miyala m'kadzenje, naibweza kusiyako umodzi, kenaka iwiri, kenaka itatu. Akucotsa, ngakhale palibe wawauza dzina la cimene akucita.

Kumbukirani makolo athu. Kufikira caka ca 1971, pamene kwaca ndi tambala zinalowa, dziko lino linali kugwiritsa nchito mapaundi, masheleni ndi makobiri. Makobiri 12 anali sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 anali paundi imodzi. Kuwerengera kwace kunali kobvuta koposa kwa lero, kumene matambala 100 ndi kwaca imodzi. Komabe agogo athu osadziwa kulemba anagula mcere wa tiki, napereka sheleni, nadziwa kuti abwezeredwa makobiri 9. Kodi inu, adzukulu ao, amene tsopano mudziwa ndi kuwerenga komwe, mungalephere kuonetsa mwana zimenezi?

Tamveraninso cinenero cathu. Ife timati zisanu ndi cimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu. Ayao nao awerenga kufika pa msano, naonjezerapo cimodzicimodzi kufikira likumi, ndipo Alomwe acita cimodzimodzi. Kawerengedwe kameneka ndi ka dzanja: zala za dzanja limodzi, ndi zina za ku dzanja linzace. Tsono funsani mwana kuti, "Eyiti kucotsa fili?" Mau amenewo samthandiza kanthu. Koma mfunseni kuti, "Zisanu ndi zitatu, ticotsepo zitatuzo, zitsala zingati?" Yankho liri m'funso momwemo. Cinenero ca amai ace camphunzitsa kale theka la samu, ndipo ife tikucitaya cuma cimeneci cifukwa tiyesa kuti nambala yoona ndi ya Cingerezi yokha.

Musaope kamzere kaja ka pa bolodi, pakuti ndi kamwana ka dzulodzulo. Kanaoneka koyamba m'buku losindikizidwa m'caka ca 1489, buku la masamu a malonda la Johannes Widmann, ku Leipzig m'dziko la Germany. Koma kuwerengera zinthu ndi kwakalekale. M'caka ca 1950, pa malo ochedwa Ishango m'dziko la Congo, anafukula fupa lokhala ndi timizere tosemedwa m'magulumagulu. Akatswiri ati fupalo lakhala zaka ngati 20,000, ndipo ambiri a iwo aganiza kuti timizereto tinali ta kuwerengera. Anthu anayamba ndi dzanja ndi zinthu zogwirika, zizindikiro zinadza pambuyo. Mwana nayenso ayenera kuyenda njira yomweyo.

WACIWIRI: NYIMBO NDI NDODO

Tsopano ndilankhule ndi aphunzitsi, ndipo ndiyambe ndi kubvomereza mabvuto ao. M'caka ca 1994 boma la Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga konkuno, linacotsa malipiro m'sukulu za pulaimale. Ana a sukulu, amene anali osakwana 2 miliyoni, anafika ngati 3 miliyoni m'caka cimodzi. Cinali cinthu cabwino, pakuti ana a anthu osauka analowa. Koma zipinda ndi aphunzitsi sizinaculuke mofanana ndi anawo, ndipo anthu akuculukirabe. Balaka inapatuka ku Machinga m'caka ca 1998, ndipo pa kalembera wa 2018 Machinga yokha inali ndi anthu oposa 700,000, Balaka oposa 400,000. Mphunzitsi woima patsogolo pa ana 100 afuna njira yoti onse akhale cete ndi kucita cinthu cimodzi, ndipo nyimbo ndiyo njira yapafupi. Zimenezi ndizimva. Komabe ndiri ndi mau atatu.

Loyamba ndi la nyimboyo. Ana 100 akafuula pamodzi, amene adziwa yankho kapena ndi khumi okha. Otsalawo atsata mau a anzao monga anthu otsata wotsogolera nyimbo pa gule. Phokoso libisa umbuli. Mphunzitsi apita kwao wokondwa, osadziwa kuti waphunzitsa khumi nasiya 90. Wina adzati, "Kodi kuloweza ndi koipa? Munthu sangawerenge zala moyo wace wonse." Zoona, mwana ayenera kufika poti 10 kucotsa 6 ayankhe osaganiza. Koma denga silikwezedwa mizati isanazikidwe. Ayambe wagwira, aone, amvetse, ndipo kuloweza kudze pambuyo kudzakhala pa cinthu colimba.

Laciwiri ndi la ndodo ndi manyazi. Ndaona ana akubisa manja pansi pa malaya powerenga zala, ngati akuba. Anawauza ndani kuti zala ndi chimo? Zala ndizo ziwiya zoyamba za masamu, ndipo mwana adzazileka yekha pamene mutu wace watha kusenza nchitoyo, monga aleka kukwawa akayamba kuyenda. Ndipo mwana womenyedwa cifukwa ca yankho lolakwa aphunzira cinthu cimodzi cokha, kuti ndi bwino kukhala cete. Yankho lolakwa ndi mboni imene ikuuzani pamene mwana wasocera. Mukaiopseza mboniyo, mlandu simuupeza.

Lacitatu ndi la mau aja akuti "kubwereka". Lembani 52 − 27, mupatse ana a Sitandade 2 kapena 3. Ambiri adzalemba 35. Aona 2 ndi 7, nati wamng'ono acoke kwa wamkulu, napeza 5. Aona 5 ndi 2, napeza 3. Koma yankho loona ndi 25. Pofuna kukonza, mphunzitsi amati, "2 sangacotse 7, tibwereke 1 kwa mnzace." Mwana wanzeru adabwa. Kwao adziwa kuti cobwereka cibwezedwa. Nanga ici cibwezedwa liti? Ndipo 1 wobwerekayo asanduka bwanji 10? Posapeza yankho, aganiza kuti masamu ndi matsenga a aphunzitsi.

Palibe cobwereka apa. Mangani timitengo m'mitolo ya khumikhumi. 52 ndi mitolo 5 ndi timitengo 2 tapadera. Mufuna kucotsa mitolo 2 ndi timitengo 7, koma tapadera ndi tiwiri tokha. Mutani? Mumasule mtolo umodzi. Tsopano muli ndi mitolo 4 ndi timitengo 12. Cotsani timitengo 7, titsala 5. Cotsani mitolo 2, itsala 2. Yankho ndi 25, ndipo mwana waona ndi maso ace kumene khumi lija lacokera. Mwana amene wamasula mtolo ndi zala zace sadzalembanso 35. Timitengo sitigulidwa m'sitolo, ndipo luzi liri m'chire. Bvuto la kuculuka kwa ana ndi loona, koma ana 100 ali ndi manja 200, ndipo akhoza kukhala awiriawiri, wina kubisa miyala, wina kunena yobisikayo.

Palinso nkhani ya cinenero. Cicewa cinakhazikitsidwa kukhala cinenero ca dziko m'caka ca 1968, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira. Koma mwana wa ku Nsanama kapena ku Nayuchi kawirikawiri afika kusukulu akulankhula Ciyao kapena Cilomwe. Mwana wa zaka 6 ameneyu asenza akatundu awiri nthawi imodzi: mau acilendo ndi ganizo lacilendo. Ine sindidana ndi Cingerezi. Ana athu acifuna ndithu. Koma ganizo la kucotsa alilandire poyamba m'cinenero cimene amalirira naco. Akalimvetsa, kulipatsa dzina latsopano sikubvuta. Ndipo apa ndi pamene kholo liposa mphunzitsi, pakuti cinenero ca pakhomo mwini wace ndinu.

WACITATU: WOKHULUPIRIRA FONI

Masiku ano kwabuka anthu ena, makamaka anyamata, amene amati, "Kubvutikiranji? Foni iwerengera zonse." Awa ndiwayankha mwacidule. Foni iyankha cimene cala calemba. Cala cikaphonya nambala imodzi, foni ipereka yankho lolakwa mosacita manyazi, ndipo angazindikire ndi munthu yekhayo amene ali ndi samu m'mutu. Kawirikawiri pa msika foniyo iri m'dzanja la wogula, ndipo mlimi aonetsedwa nambala yotsiriza yokha. Ngakhale ndalama zotumizidwa pa foni, mukapita kokatapa, acotsapo malipiro ao, ndipo muyenera kudziwa zimene zitsale. Foni itha moto, ibedwa, igwera m'madzi. Koma cimene mwaika m'mutu mwa mwana adzayenda naco kufikira ukalamba.

ZOTI MUCITE PAKHOMO

Kutsutsa kokha sikumanga mudzi, cifukwa cace ndikuonetseni njira. Siifuna ndalama, ndipo nthawi yace ndi yofanana ndi yodikira madzi a nsima kuti awire.

Yambani ndi zinthu zisanu, kaya timiyala, kaya njere za cimanga, kaya zitsekerero za mabotolo. Mwana aziwerenge pozikhudza cimodzicimodzi. Kenaka bisani zina m'dzanja lanu, mumfunse kuti, "Ndabisa zingati?" Akapeza, mpatseni kuti abise iye, inu mulote. Nthawi zina muphonye dala kuti akukonzeni, pakuti mwana akondwa kwambiri kugwira wamkulu atalakwa. Musaiwale kucotsa zonse kuti aone kuti sipatsala kanthu, ndi kusacotsa ciri conse kuti aone kuti zonse ziripo.

Akazolowera zisanu, pitani pa khumi. Adziwe bwinobwino manambala amene akwatirana kupanga khumi: 9 ndi 1, 8 ndi 2, 7 ndi 3, 6 ndi 4, 5 ndi 5. Musafulumire pamenepa ngakhale papite mwezi, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Dziwani kuti kucotsa kuli ndi nkhope zitatu, ndipo mwana azione zonse. Yoyamba ndi kutengapo: "Tinali ndi mazira 9, taphika 4, atsala angati?" Yaciwiri ndi kulinganiza: "Amalume ali ndi mbuzi 9, ife tiri ndi 4, atiposa ndi zingati?" Apa palibe mbuzi yacoka, koma samu ndi yomweyo; ikani miyala m'mizere iwiri kuti aone yopitirira. Yacitatu ndi kupereweza: "Tifuna mitolo 9 ya udzu wofolera, tamweta 4, yatsala ingati kuti ikwane?" Ana ambiri adziwa nkhope yoyamba yokha, ndipo mayeso akawabweretsera zinazo ayesa kuti ndi samu yacilendo.

Pokhapokha atacita ndi manja, lembani pa dothi cimene wacitaco. Muuzeni kuti, "Miyala inali 7, nayi 7. Unatengapo 4, kamzere aka ndiko dzanja lako lotenga. Yatsala 3, nayi 3." Pamenepo zolemba zisanduka cithunzi ca nchito yace, ndipo bolodi la kusukulu lileka kumuopsa.

Akakula pang'ono, mangani naye mitolo ya khumi monga ndafotokozera. Kenaka citani naye masewera a sitolo, mapepala ong'amba akhale ndalama. Muonetseni m'mene ogulitsa abwezera cenji, pakuti iwo sacotsa monga kusukulu. Akwera kucokera pa mtengo wa cinthu kufikira pa ndalama yoperekedwa. Munthu wagula katundu wa K3,200, napereka K5,000, ndalama ya pepala ija inayamba m'caka ca 2022. Wogulitsa aika K300 kufika pa K3,500, aika K500 kufika pa K4,000, aika K1,000 kufika pa K5,000. Cenji ndi K1,800. Njira imeneyi inu muidziwa kuposa buku.

Potsiriza mphunzitseni kudziyesa yekha. Akapeza yankho, abwezere zimene anacotsa. Zikafika pamene anayambira, wakhoza. Mwana wodziwa ici safuna munthu womuuza kuti wakhoza kapena walakwa, ndipo ndiye amene tsiku lina adzaima pa sikelo nadzati mwaulemu, "Pepani bambo, tiwerengenso."

Zonsezi mucite ndi ana akazi monga ndi ana amuna. Mtsikana ndiye adzasunga ufa, adzayendetsa geni, adzawerenga mapiritsi a mwana wodwala. Kumtuma ku madzi pamene mlongo wace akusewera ndi manambala ndiko kumbera.

MAU OTSIRIZA

Inu a m'makomiti a sukulu, pa msonkhano wa makolo musakambe za njerwa zokha. Funsani ngati mwana ali yense wa Sitandade 1 ali ndi kathumba ka timiyala, ndi wa Sitandade 2 mitolo yace ya timitengo. Mukapeza kuti alibe, musadzudzule mphunzitsi. Uzani makolo amange mitoloyo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Inu a sukulu za kwaca, cimene mwaphunzira masana mukacionetse kwa mdzukulu madzulo, ndipo mudzapeza kuti inunso cakhazikika.

Mdzukulu wa mlongo wanga uja tinakhala naye pa mkeka masiku angapo ndi mtedza wathu. Tsiku lina ndinalemba pa dothi 9 − 6, imene sanaimbepo ndi kale lonse. Sanayang'ane nkhope yanga. Anatambasula zala, napinda zisanu ndi cimodzi, nayang'ana zotsala, nati, "Zitatu." Ndinamfunsa kuti, "Watsimikiza?" Iye anatambasulanso zopindazo, nawerenga kufika 9, nati, "Eya, ndatsimikiza."

Akulu anati m'mera mpoyamba. Mukatseka kabuku aka, turukani panja, mutole timiyala khumi, muitane mwana.